TISADIKIRE TSIKU LA BOKOSI

Abale ndi alongo a m'Bungwe lathu la Maliro,

Pa msonkhano wa mwezi watha linawerengedwa dzina la bambo ena amene sanasonkhe miyezi inai, ndipo ena mwa inu munati lamulo ndi lamulo, afafanizidwe m'buku. Ife tinapita kwao madzulo ace. Dzina sitichula, koma eni ace atilola kulemba izi.

Bambowa agwira nchito ya tiyi pa esiteti pano zaka zoposa 30, ndiponso ndi mkulu wa mpingo. Tsopano apuma nchito, ndipo nyumba ya kampani ayenera kuisiya. Nyumba imene anamanga kumudzi inagwa ndi namondwe Freddy mu March 2023, munda unakwiririka ndi mcenga. Mwana wao wamkazi ali ku Liverpool, ku England, kumene asamala nkhalamba, ndipo ana ace atatu anawasiya m'manja mwa agogowa.

Mwina mufunsa kuti, Munthu wa mwana ku Ulaya angasowe bwanji ndalama ya bungwe? Imvani bwino. Kuyambira pa 11 March 2024 boma la Britain linaletsa osamala okalamba ofika kumene kutenga ana ao, ndipo mwanayu anafika lamulolo litayamba kale. Cilolezo cace cokhalira kumeneko camangidwa pa bwana amene anamuitana, ndipo nchito ikatha apatsidwa masiku 60 okha kuti apeze bwana wina. Maola a nchito anamcepetsera, koma lendi sinacepe, ngongole ya ulendo nayo ikali pomwepo. Mu December dzuwa ku Liverpool lilowa 4 koloko isanakwane. Iye aweruka mumdima, naimba foni, nalira pofuna ana ace. Kale munthu akapita ku migodi kalata inali kufika patapita masabata, otsala anali kupumako pakati. Lero foni ibweretsa cisoni ca ku Liverpool pa mphasa pako usiku uli wonse.

Bambowa tulo sakuona, nsima aisiya m'mbale, mutu uwawa, zidzukulu azikalipira popanda mlandu. Titafunsa kuti, Bwanji bambo simunatiuze? anayankha kuti, Ine ndimalalikira anthu kuti asade nkhawa. Ndikaulula adzati cikhulupiriro canga catha.

Maganizo amenewa ndi amene tifuna kutsutsa lero, cifukwa ali mwa ambiri a ife amuna. Ife sitiri abusa, sukulu tinalekera Sitandade 6, koma kuwerenga tidziwa. Onani nkhani ya Eliya pa 1 Mafumu 19. Mneneri uja anamvera Mulungu koposa ife tonse, komabe pothawa Yezebeli anakhala pansi pa kamtengo m'cipululu napempha imfa. Kodi anadzudzulidwa? Iai. Anapatsidwa mkate ndi madzi, nagona, napatsidwanso kaciwiri, ndipo pambuyo pace anapatsidwa nchito yatsopano ndi mnzace woyenda naye, Elisa. Tsono ngati Mwini wace anayamba ndi cakudya, tulo ndi mnzace, ife ndani kuti tiyambe ndi kufafaniza dzina?

Kutopa mtima si kupanduka. Kumvera Mulungu pa nyengo ya kusintha, monga tionera ife, ndiko kugwira cimene caikidwa m'manja mwako lero, osanama kuti zonse ziri bwino. Inu nonse mudziwa kuti kapitao sapatsa munthu munda wonse kuti audulire tsiku limodzi. Ampatsa ndime yace, mawa ndime yina. Bambo aja anali kusenza usiku umodzi nyumba, fizi ya ana atatu, lamulo la ku England ndi manda ao omwe. Ndime yao ya tsikulo inali yocepa: kudya, kugona, ndi kuuza abale. Mutu umodzi susenza denga.

Si ife oyamba kuona nthawi zikusintha. Mu April 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown, nipha a kwathu oposa 70 ocokera ku migodi, ndipo Dr. Banda analetsa kulemba anthu opita kumeneko. Ife tinali ana, koma tinakula tikuona atate amene anabwera kumudzi osadziwa cogwira. Amene anadzitsekera m'nyumba ambiri anathera ku kacasu. Amene anaturuka nakhala ndi anzao pabwalo, nalandira khasu kapena dengu la tiyi popanda manyazi, ndiwo analera ife.

Tidziwa ena mudzati, Bungwe lino ndi la maliro, si cipatala, ndipo thumba liri lopepuka. Zimenezo nzoona. Cicokereni mu November 2023, pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 pa 100, matabwa, nsaru ndi ufa wa pa maliro zonse zinakwera, ndipo Msungi-cuma sanama pamene alira. Koma werengani nokha: cotsika mtengo nciti, kudikira munthu miyezi ingapo kapena kumgulira bokosi? Apolisi a dziko lino akhala akunena kuti mwa anthu odzipha ambiri ndi amuna, ndipo kawirikawiri gwero lace ndi ngongole ndi mabvuto a m'banja. Tidzakhala ndi nkhope yanji kugona pa siwa pa munthu amene tinamtaya ali moyo?

Cifukwa cace tipempha zinthu zitatu pa msonkhano ukudzawu.

Coyamba, munthu akalephera kusonkha miyezi iwiri, dzina lace lisawerengedwe pagulu. Papite anthu awiri kwao kukamva cimene cabvuta.

Caciwiri, wopuma nchito, wamasiye, ndi amene nchito yace yatha cifukwa tiyi wacepa m'cilimwe, apatsidwe miyezi 6 yobweza pang'ono pang'ono, dzina likali m'buku.

Cacitatu, mbale amene sagona masabata awiri, kapena ayamba kulankhula za kufa, timperekeze ku cipatala ca boma akamuyeze kuthamanga kwa magazi, akaonanenso ndi anamwino a matenda a maganizo. Pemphero ndi cipatala sizilimbana. Izi tinena kwa a mipingo yonse ndi kwa abale athu Acisilamu omwe.

Bambo aja tinapita nao ku cipatala, ndipo mankhwala akumwa. Anyamata asanu alonjeza kukaumba njerwa kumudzi kwao Loweruka. Mwana wao akali ku Liverpool, ana akali kuno, ndipo zimenezo ife sitingathe kuzikonza. Koma tapangana kuti foni ikalira usiku amai nao azimva nkhaniyo, bambo asamaisenze okha.

Bwerani nonse Lamulungu masana titaweruka ku mapemphero, mudzanene maganizo anu. Caona mnzako capita, mawa ciri pa iwe.

Ife anu m'nchito,
KAPITAO