Mkango ndi Nyenyezi pa Boneti

M'magalaja a ku Ulongwe ndi ku Domwe mukadali magalimoto akale amene analeka kuyenda. Asanapite kwa ogula zitsulo, tiyeni tipemphe eni ake kuti tijambule zizindikiro za pa boneti, pakuti chilichonse chili ndi mbiri yake. Mkango wa Peugeot unalembetsedwa mu 1858, kampaniyo ikupanga macheka, ndipo unkaimira kulimba kwa mano a machekawo. Nyenyezi ya nsonga zitatu ya Mercedes, ya mu 1909, imaimira injini za pamtunda, pamadzi ndi mumlengalenga.

Tijambule m'mamawa, dzuwa lisanakwere, kuti kunyezimira kusabise chizindikiro. Tikatero tifunse akuluakulu kumene galimotoyo inkapita ndi kachewere, tilembe kuseri kwa chithunzi. Chitsulo chikasungunulidwa, adzukulu athu adzaona chithunzicho.