Kamwana ka alendo kakalira m'tchalitchi

Banja likasamuka, tinene kuchoka ku Mzimba kubwera ku Ntcheu, katundu amakwera lole koma agogo ndi azakhali amatsala. Wolandira mwana mayi akamaphika palibenso. Kamwana ka zaka ziwiri nako kamasokonezeka: nyumba yachilendo, nkhope zachilendo, Chitumbuka chimene kanazolowera sichikumvekanso panja. Kamadzuka usiku, kamakana phala, kamakakamira chitenje cha mayi ake.

Tsono pa Sabata kakangolira pakati pa ulaliki, makosi amatembenuka. Mayi amatuluka mwamanyazi n'kukhala pansi pa mtengo mpaka pemphero lomaliza. Zikachitika katatu, banja lija limayamba kutsala kunyumba.

Ife tikuti moni wa pakhomo pa tchalitchi ndi wosakwanira. Tiwaperekeze ku kalasi ya tiana ya Sukulu ya Sabata. Tiwauze tsiku la sikelo, kumene kuli chigayo ndi kogula makala. Ophunzirafe tizikhala nawo benchi limodzi Sabata lililonse, pakuti mwana wa msinkhu umenewu amalola kunyamulidwa ndi nkhope imene amaiona kawirikawiri. Akatizolowera timutenge, makolo ake amveko ulaliki mpaka kumapeto. Paja mwana wa mnzako ngwako yemwe.