PAKHONDE LA MADRASSA: Kodi mahedifoni abwino ndi ati?

 

Aliyense wofika pamsika wa Mitundu, kapena pa Nathenje m'mbali mwa msewu wa M1 wopita ku Dedza, adzaona kuti pamabenchi ogulitsira za mafoni pakolekedwa mahedifoni a mitundumitundu: tolowetsa m'khutu, ovala pamutu, a chingwe ndi a Bluetooth. Masiku ano ana ambiri amene akuloweza Qur'an amamvera mashehe pafoni, ndiye makolo amatifunsa kawirikawiri kuti, "Mwalimu, mwanayu timugulire ati?" Ena ali ndi abale ku Joni amene alonjeza kutumiza mahedifoni apamwamba, ndipo akufuna kudziwa dzina loti awauze.

Yankho lathu ndi ili: mahedifoni abwino ndi amene amamveketsa chilembo chilichonse voliyumu ili yotsika, komanso amakhala pamutu osakupwetekani. Dzina, mtengo ndi kugunda kwa besi zimabwera pambuyo. Tiyeni tione chifukwa chake.

Khutu ndilo limayamba kuphunzira

Chiarabu chili ndi zilembo zimene mulibe m'Chichewa ngakhale m'Chiyao. Mwana ayenera kusiyanitsa sin ndi swad, kaf ndi qaf, komanso ha wapakhosi ndi ha wapachifuwa. Kusiyanaku sikwamasewera ayi. Qalb ndi mtima, pamene kalb ndi galu. Saif ndi lupanga, pamene swaif ndi nyengo yotentha. Lilime silingatchule chimene khutu silidamve, ndipo mwana akaloweza molakwa, kuwongola kwake kumatenga miyezi.

Ndicho chifukwa chake mu 1961, ku Egypt, Shehe Mahmoud Khalil Al-Husary adajambulitsa Qur'an yonse akuwerenga mofatsa, kuti anthu a maiko akutali amve katchulidwe koyenera. Ntchito yabwino chonchi ingawonongeke ndi kachingwe kamene kamatulutsa mawu ngati munthu wolankhulira m'mbiya.

Akatswiri amayeza kukwera ndi kutsika kwa mawu ndi muyeso wotchedwa hertz. Khutu la mwana wabwinobwino limamva kuchokera pa 20 mpaka pafupifupi 20,000. Kugunda kwa ng'oma, kumene anyamata amati besi, kuli pansi penipeni. Liwu la munthu lili pakati, ndipo kampweya ka zilembo ngati sin, shin ndi fa kali pamwamba, cha m'ma 4,000 mpaka kupitirira. Mahedifoni ambiri a pamsika amakokomeza besi chifukwa ndiyo imakopa wogula msanga. Koma besi ikachuluka imaphimba liwu, monga mmene chigayo chimaphimbira anthu ocheza pakhomo pake.

Zimene apamwamba aja akutiphunzitsa

Kunja kuno kuli anthu amene amawononga chuma chambiri pofuna kumva mawu osalakwika. Mu 2015 kampani ya ku Germany ya Sennheiser idatulutsa mahedifoni otchedwa HE 1 pamtengo wa pafupifupi ma euro 50,000, ndalama zomangira nyumba yabwino ya malata. Mu 2016 kampani ya Focal ya ku France idatulutsa Utopia pamtengo wa pafupifupi madola 4,000. Sitikunena kuti mugule amenewa. Koma pali mitundu itatu yakalekale, yamtengo wocheperapo, imene ikayerekezedwa imatiphunzitsa zoyenera kuyang'ana ngakhale pabenchi ya pa Mitundu.

Woyamba ndi Sennheiser HD 600, amene adatuluka mu 1997. Amenewa ndi otsegula kumbuyo: ali ndi sefa m'malo mwa chivindikiro, choncho mphepo imadutsa. Amatchuka chifukwa liwu la munthu limamveka mwachibadwa, ngati shehe wakhala nanu pamkeka. Besi yake ndi yodziletsa. Amalemera magalamu pafupifupi 260, ndipo zotsamira zake ndi za nsalu yofewa yosatenthetsa makutu, ngakhale kuti akakhala atsopano amapana mutu ndithu. Vuto lake ndi lakuti phokoso lakunja limalowa lonse, ndipo amene ali pafupi nanu amamva zimene mukumvera. M'chipinda chabata ndi abwino zedi, koma m'minibasi yochokera pa Nathenje kupita m'tauni alibe ntchito.

Wachiwiri ndi Sony MDR-7506, a mu 1991, amene mungawapeze m'nyumba zoulutsira mawu m'maiko ambiri. Awa ndi otseka kumbuyo, opepuka, pafupifupi magalamu 230, ndipo amapindika. Amaonetsa poyera zilembo za kampweya zija, mwakuti wojambula mawu amazindikira msanga pamene palakwika. Koma zotsamira zake ndi za chikopa chopanga, chimene chimachititsa thukuta ndipo pakapita zaka chimasupuka.

Wachitatu ndi Beyerdynamic DT 770 Pro, a ku Germany, a mu 1985. Nawonso ndi otseka kumbuyo, koma ambiri mwa iwo ali ndi zotsamira zazikulu za nsalu zozungulira khutu lonse. Amatchinga phokoso bwino ndipo munthu angawavale nthawi yaitali. Besi yake ndi yamphamvu kuposa ya HD 600, ndipo anthu ena amadandaula kuti sin amatuluka wakuthwa kwambiri mpaka kutopetsa khutu.

Mwaona apa kuti palibe amene wapambana pa zonse. Ofatsa mawu satchinga phokoso, otchinga phokoso amatentha kapena kuthwa. Funso loyamba lisakhale lakuti "abwino ndi ati?" koma "mwana wanga adzamvera ali kuti?"

Kwa inu amene mukuyembekeza katundu wa ku Joni, pali chinanso. Pabokosi pamalembedwa nambala ya ma ohm, imene imasonyeza, mwa zina, mphamvu yofunika kuti mahedifoniwo alankhule bwino. HD 600 ndi a ma ohm 300, ndipo foni wamba imalephera kuwakankha mokwanira popanda kachipangizo kowonjezera mphamvu. MDR-7506 ndi a ma ohm 63. DT 770 Pro amapezeka a 32, a 80 ndi a 250. Ngati mudzalumikiza ku foni, uzani m'bale wanuyo asankhe a nambala yotsika, kuopa kulandira ng'ombe yapangolo mulibe goli.

Musaganizenso kuti mtengo ndiwo umboni. Mu 2017 katswiri wina dzina lake Jeroen Breebaart adafalitsa kafukufuku wa mahedifoni 283, ndipo adapeza kuti kayendedwe ka mawu ake, kuchokera pansi kufika pamwamba, sikagwirizana kwenikweni ndi mtengo. Chikomekome cha nkuyu m'kati muli nyerere. Kumbukiraninso kuti m'misika mwathu muli katundu wambiri wonamizira. Mukaona dzina lotchuka likugulitsidwa pamtengo wa nkhuku imodzi, dziwani kuti mwagula dzina lokha.

Kukhala bwino pamutu

Ambiri amaona ngati kukhala bwino kwa mahedifoni ndi nkhani ya kusangalatsa thupi chabe. Si choncho. Ngati chotsamira sichidagwire bwino mozungulira khutu, kapena kalabala kolowetsa m'khutu nkakang'ono, phokoso lakunja limalowa, mawu amaonda, ndipo dzanja limathamangira kukweza voliyumu. Apa ndi pamene ngozi imayambira.

Mitu yathu ndi yosiyana, mavalidwe athunso ndi osiyana. Bambo wovala chisoti ayese mahedifoniwo chisoticho chili kumutu. Mayi kapena mtsikana wovala hijabu adziwe kuti nsalu imachepetsa zilembo za kampweya zija, choncho tolowetsa m'khutu, tokhala m'kati mwa mpango, tingamuthandize koposa. Wovala magalasi aone ngati miyendo ya magalasiwo sikusiya mpata kapena kumupana. Inu a kunyanja, ganizirani za kutentha kwa October ndi November: chikopa chopanga chimanyowetsa makutu pakangopita mphindi zochepa, pamene nsalu imapitisa mphepo. Ndipo kulemera nako nkofunika. Focal Utopia aja amalemera pafupifupi theka la kilogalamu, katundu amene khosi la mwana wa zaka 10 silingasenze ola lathunthu.

Tolowetsa m'khutu tili pawiri. Tina ndi tapulasitiki touma tongokhala pakhomo pa khutu, ndipo sititchinga phokoso. Tina tili ndi kalabala kofewa kotseka khutu, ndipo tabwino timabwera ndi timalabala ta misinkhu itatu. Sankhani kamene kakukwanani. Koma ana asamabwerekane timeneti, makamaka ngati wina akutuluka mafinya m'khutu. Mwana wotero apite kuchipatala, osati kumutseka khutu ndi labala.

Khutu likafa silidzukanso

M'kati mwa khutu muli kachiwalo kopindika ngati nkhono, ndipo m'menemo muli timaselo tokhala ngati tsitsi, pafupifupi 15,000 khutu lililonse. Phokoso lalikulu limatipha pang'onopang'ono, ndipo tikafa sitimeranso. Chomvetsa chisoni nchakuti timene timayamba kuwonongeka ndi tomvera mawu a cha m'ma hertz 4,000, kumene kuli zilembo zomwe zija mwana akuvutikira kuphunzira. Palibe ululu, palibe magazi. Munthu amangoyamba kunena kuti anzake akulankhula mong'ung'udza.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO likuti achinyamata oposa 1 biliyoni ali pachiopsezo cha kugontha chifukwa cha kamvedwe kosasamala. Mu 2019 bungweli, pamodzi ndi la ITU, lidakhazikitsa malire. Kukula kwa phokoso kumayezedwa m'madesibelo. Wamkulu angamvere madesibelo 80 kwa maola 40 pa sabata, pamene kwa mwana malire ndi madesibelo 75 kwa maola omwewo. Mukakweza kufika pa 90, nthawi yotetezeka imatsika kufika maola 4 okha pa sabata. Pa 100 ndi mphindi pafupifupi 20 basi, ndipo mafoni ambiri amafika pamenepo mukakweza mpaka kumapeto.

Khutu silisankha kuti ili ndi phokoso la nyimbo, ili ndi la Qur'an. Kuwerenga kopatulika kukakwezedwa mopyola muyeso kumawononga chimodzimodzi. Makutu ndi amana imene Allah adatisungitsa, ndipo makutu a mwana adasungitsa ife makolo.

Popeza m'nyumba mwathu mulibe choyezera madesibelo, gwiritsani njira izi. Voliyumu isapitirire magawo 6 mwa magawo 10. Imani pafupi ndi mwanayo, potalika ngati mkono, ndipo mumuitane ndi liwu wamba: akapanda kukumvani, kapena inu mukamamva zimene akumvera, atsitse. Pakatha ola avule, makutu apume. Ngati akudandaula kuti m'khutu mukulira ngati nkhululu, kapena akumangoti "mwati bwanji?", musadikire. Yambani ku chipatala chapafupi. Oyeza makutu aliponso ku ABC Hearing Clinic ku Area 47 mu Lilongwe ndi ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre.

Mmene mungayesere musanapereke ndalama

Pitani kumsika ndi foni yanu komanso mwini wake wa makutuwo, pakuti nsapato sagulira munthu ali kunyumba. Ikani m'foni sura imene mumaidziwa bwino, yowerengedwa mofatsa, osati nyimbo imene wogulitsa angakuikireni. Ikani voliyumu pakati. Mverani ngati sin ndi swad akusiyana, ngati qaf akumveka kuchokera kukhosi, ndiponso ngati mukumva shehe akukoka mpweya. Yesani khutu lamanja palokha ndi lamanzere palokha, chifukwa ambiri otchipa amalankhula mbali imodzi mokweza. Gwedezani chingwe pafupi ndi polumikizira kuti mumve ngati chikuthetheka. Kenaka khalani nawo kumutu kwa mphindi 10, mukutembenuka ndi kuwerama. Amene ayamba kupweteka pa mphindi 10 sadzasintha mtima kunyumba.

Yerekezani awiri kapena atatu pa sura yomweyo, ndipo samalani ndi msampha uwu: amene akumveka mokweza amaoneka ngati ndiwo abwino. Linganizani kukula kwa mawu musanaweruze. Gwirizananinso ndi wogulitsa za kubweza ngati afa m'masiku oyamba. Pakati pa a chingwe ndi a Bluetooth, kumudzi kopanda magetsi a chingwe ndiwo sakhumudwitsa, chifukwa safuna kutchaja.

Mawu awiri otsiriza. Kwa anyamata athu a kabaza pa Mitundu ndi onse oyenda m'mbali mwa M1 pa Nathenje: pamsewu vulani. Mahedifoni otchinga bwino phokoso amatchinganso hutala ya lole. Ndipo kwa makolo: chipangizo chimalankhula koma sichimva. Sichingauze mwana kuti apa walakwa, bwereza. Qur'an idatifika kuchokera pakamwa pa mphunzitsi kupita m'khutu la wophunzira, mbadwo ndi mbadwo. Mwana amvere pafoni madzulo, koma m'mawa abwere adzawerenge pamaso pa mwalimu wake.

M'kope likudzali, Insha Allah, tidzakambirana za nthawi yabwino yoti mwana aziloweza pakati pa sukulu, madrassa ndi ntchito za pakhomo. Allah atisungire makutu athu ndi a ana athu.