Chimbudzi Nacho Chimafuna Kupuma

Munthu akamayenda m'midzi ya m'mbali mwa nyanja, kuchokera pa Boma la Mangochi kudzera ku Makawa mpaka ku Monkey Bay, kapena kutsidya ku Malindi ndi ku Makanjira, amaona zimbudzi zambiri zokhala ndi paipi yotulukira pamwamba pa denga. Zambiri zili pa sukulu, pa zipatala zazing'ono, pa misika, pa mizikiti ndi pa matchalitchi, ndipo zina ndi za pakhomo. Tsiku lotsegulira zimbudzi zoterezi pamamveka nthungululu. Koma pakatha chaka chimodzi kapena ziwiri, zina mwa izo munthu sangalowemo osagwira mphuno, ndipo ntchentche zimamulandira asanatsegule n'chitseko chomwe. Pamenepo anthu amayamba kunena kuti zimbudzi zamakonozi n'zopanda ntchito. Ine ndikukana. Chimbudzi sichinalakwe. Cholakwa n'chakuti chiimikireni paipi ija, palibe ndi mmodzi yemwe amene anakwerapo kukaona ngati ikugwirabe ntchito yake.

Tiyeni tiyambe tamvetsa ntchito ya paipiyi. M'mahotela a m'mbali mwa nyanja ndi m'nyumba zina za m'tauni, m'bafa mumakhala fani yamagetsi yotulutsa nthunzi ndi fungo. Faniyo ikadzaza fumbi imangolira chabe osakoka mpweya, ndipo eni ake amazimitsa magetsi ndi kuipukuta. Paipi ya chimbudzi cha dzenje imagwira ntchito yomweyo, koma iyo siifuna magetsi. Mphepo ikamawomba pakamwa pa paipi, kaya ndi mwera kaya ndi mpoto, imakoka mpweya wa m'dzenje kuti ukwere. Dzuwa likatenthetsa paipiyo, mpweya wa m'kati mwake umapepuka ndi kukweranso. Motero mpweya wabwino umalowa pakhomo, kutsikira pabowo pamene munthu amanjutapo, kudutsa m'dzenje, kenaka kutulukira pamwamba pa denga pamodzi ndi fungo lonse. Uku ndiko kupuma kwa chimbudzi.

Ntchito yachiwiri ndi ya kasefa kamene kamamangidwa pakamwa pa paipi. Ntchentche za kunja zimatsata fungo, ndipo popeza fungolo likutulukira pamwamba, zimathamangira kumeneko, koma sefa imazitsekereza. Ntchentche zimene zaswera m'dzenje zimatsata kuwala. M'chimbudzi mukakhala kamdima, kuwala kumene zimaona ndi kwa pamwamba pa paipi basi. Zimakwera, kupeza sefa, kulimbana nayo mpaka kufooka, kenaka kugwera m'dzenje momwemo ndi kufa.

Izi si nkhambakamwa chabe. Chimbudzi cha mtundu umenewu anachikonza ndi Peter Morgan pa Blair Research Laboratory mu mzinda umene lero ndi Harare, m'dziko la Zimbabwe, m'zaka za m'ma 1970, n'chifukwa chake ena amachitcha chimbudzi cha Blair. M'chaka cha 1975 anatchera misampha kwa masiku 78 kuti awerenge ntchentche zotuluka pabowo. M'chimbudzi chopanda paipi anagwira ntchentche 13,953. M'chimbudzi chokhala ndi paipi ndi sefa anagwira 146 zokha. Kusiyana konseku kunabwera ndi paipi yotseguka ndiponso kasefa kosaposa zikhatho ziwiri kukula kwake. Tsono sefayo ikang'ambika, kapena paipi ikatsekeka, chimene chatsala ndi dzenje wamba lovala bwino. Paja akulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Nanga chimene chimawononga paipi n'chiyani? Mdani woyamba ndi kangaude. Iye amadziwa kuti m'paipi mumadutsa ntchentche, choncho amayala ukonde wake momwemo. Ukondewo umakola fumbi, masamba ndi ntchentche zakufa mpaka mpweya kusowa podutsa. Mavu nawonso amamanga nyumba zao zadothi m'menemo. Mdani wachiwiri ndi dzimbiri. Mpweya wochokera m'dzenje ndi wachinyontho ndiponso woukira chitsulo, kotero sefa ya waya wamba imatha m'miyezi yowerengeka. Munthu ali pansi sangaone kuti yabooka, koma ntchentche zimaona msanga. Mdani wachitatu ndi ife eni. Ana amagenda paipi ndi miyala. Ena amavundikira pakamwa pake ndi chitini poopa mvula, osadziwa kuti akuitsamwitsa, pamene madzi a mvula olowera pamenepo ndi ochepa ndipo saononga kanthu. Ena amaboola zenera lalikulu kuti muziwala, kapena kusiya chitseko chili pululu, ndipo ntchentche zimasiya njira ya kupaipi ndi kutulukira pabowo. Ena amalekerera nthambi za mtengo kuphimba denga, mphepo n'kulephera kufika.

Pali chinthu china chimene chimasokoneza anthu ambiri, ndipo n'koyenera kuchilongosola. Kwa zaka zambiri a zaumoyo takhala tikuphunzitsa kuti bowo la chimbudzi lizikhala lovundikira. Langizo limenelo n'loona ndipo silinasinthe, koma ndi la chimbudzi chopanda paipi. Kumeneko chivundikiro chothina bwino ndicho chimatsekereza ntchentche. Koma chimbudzi chokhala ndi paipi chimapumira pabowo lomwelo. Mukalitseka ndi chivundikiro chothina, mpweya sulowa, ndipo paipi imasowa chokoka. Choncho yang'anani chimbudzi chanu. Ngati chilibe paipi, vundikirani nthawi zonse. Ngati chili ndi paipi yamoyo ndi sefa yosabooka, siyani bowo lotseguka ndi kutseka chitseko. Koma sefa ikawonongeka ndipo ina simunaipeze, yambani mwavundikira kufikira tsiku lokonza.

Wina angafunse kuti, kodi nkhani ya fungo ndi ntchentche ndi yoti tidzazire nayo tsamba lonse? Ife a ku Mangochi sitiyenera kufunsa funso limeneli. Mliri wa kolera umene unayambira m'boma la Machinga mu Malichi 2022 unadwalitsa anthu oposa 59,000 m'dziko muno ndi kupha oposa 1,700, ndipo boma lathu lino linali limodzi mwa maboma amene anakhudzidwa koposa. N'zoona kuti kolera imafala makamaka kudzera m'madzi ndi m'zakudya zimene zakhudzana ndi zonyansa za munthu, ndipo paipi payokha siingauthetse. Koma taganizirani chimene chimachitika chimbudzi chikayamba kununkha. Mwana wa sukulu amachithawa. Msodzi amene wangokocheza m'mamawa amachilambalala. Mayi wodikirira wodwala amapirira mpaka kukada. Onsewa amapita kwina: kuthengo, m'bango, kapena m'nyanja, momwemo m'mene ena akutunga madzi akumwa, kutsuka mbale ndi kusambitsa ana. Umu ndimonso likodzo limapezera njira. Chimbudzi chimene anthu achithawa chili ngati chimbudzi chimene sichinamangidwe.

Ntchentche nazo zili ndi mlandu wao. M'nyengo yotentha ngati ya kuno mu Okutobala ndi Novembala, dzira la ntchentche limasanduka ntchentche youluka m'masiku 7 mpaka 10. Ikachoka m'dzenje siipita patali. Imatera pa usipa woyanika pathandala, pa mango a pamsika, pa nsima yosavundikira, ndi pakamwa pa khanda limene lagona. M'miyendo mwake ndi m'masanzi ake imanyamula tizilombo ta matenda otsegula m'mimba, kamwazi ndi taifodi. Komanso kuno kunyanja madzi a pansi ali pafupi, ndipo dzenje likakhala ndi madzi mumaswana udzudzu. Sefa yabwino imathandizako kutsekereza udzudzu umenewu.

Ena amati alibe ndalama zosamalira zonsezi. Umphawi ndi weniweni ndipo sindikuupeputsa. Koma tiyeni tiwerenge bwino. Dothi lathu la mchenga limagumuka, choncho chimbudzi cholimba kuno chimafuna njerwa ndi simenti kuyambira pansi pa dzenje. Ndalama zazikulu zinapita kale pamenepo. Chotsala ndi chidebe cha madzi, makwerero obwereka, ndi kachidutswa ka sefa. Kodi n'kwanzeru kutaya nyumba yonse chifukwa chokana kugula kasefa? Yerekezani mtengo wake ndi wa kabaza wopita naye mwana kuchipatala usiku, ndi masiku amene bambo sanapite panyanja kapena mayi sanapite kumunda chifukwa cha matenda.

Kasamalidwe kake ndi aka. Kamodzi pamwezi, munthu wamkulu akwere pa makwerero olimba, wina atamugwirira. Makwererowo asatsamire paipi, ndipo munthu asaponde padenga. Ayang'ane sefa ngati yabooka kapena yamasuka, achotse masamba, kenaka athire chidebe chimodzi cha madzi kupyolera pa sefa pomwepo kuti ukonde wa akangaude ukokoloke ndi kugwera m'dzenje. Ngati paipi yatsekeka kwambiri, masulani sefa, lowetsani nsungwi yomangirira kasanza kunsonga, kenaka mangani sefa monga kale. Pogula sefa ina funsani ya aluminiyamu, ya chitsulo chosachita dzimbiri, kapena yokutidwa ndi pulasitiki, ndipo maso ake asapose mamilimita 1.5. Kachidutswa ka masikito akale otha ntchito kangathandize kwa kanthawi, koma dzuwa limakawononga msanga, ndipo musadule masikito amene ana akugonamo. Onetsetsani kuti paipi yaima chilili, yapitirira nsonga ya denga ndi masentimita 50, ndipo ming'alu ya patsinde pake ndi ya pasilabu yamatidwa ndi simenti. Sadzani nthambi zotchinga mphepo.

Pofuna kudziwa ngati chimbudzi chikupuma, yatsani kasanza, zimitsani lawi lake kuti katsale kakufuka utsi, ndipo kagwireni pafupi ndi bowo. Utsi ukamatsikira m'dzenje ndi kuoneka pamwamba pa paipi, zonse zili bwino. Ukamabwerera kumaso kwanu, paipi yatsekeka. Musaponye moto m'dzenje, pakuti mpweya wa m'menemo umatha kuyaka. Mukatha ntchitoyi sambani m'manja ndi sopo. Tsiku ndi tsiku sesani ndi kutsuka pansi, pakuti paipi imachotsa fungo la m'dzenje lokha, osati la zonyansa zotsalira pasilabu.

Ntchito yonseyi siitenga ngakhale theka la ola. Nanga bwanji siichitika? Yankho ndi lakuti ilibe mwini. Pomanga pamakhala komiti, mfumu, mmisiri ndi othandiza ndalama. Posamala pamakhala aliyense, ndipo ntchito ya aliyense imagona panja. Osesa amasesa pansi chifukwa maso amaona pansi, koma pamwamba pa denga palibe amene anauzidwa kuti ndi pake. Maganizo anga ndi akuti chimbudzi chilichonse cha gulu chikhale ndi munthu mmodzi wodziwika ndi dzina, ndiponso tsiku limodzi lodziwika pamwezi. Pa sukulu, aphunzitsi aakulu ndi komiti ya makolo asankhe munthuyo. Padoko, komiti ya pagombe itengeko pang'ono pa ndalama zimene imatolera ndi kusunga sefa yapadera. Pa mzikiti ndi pa tchalitchi, akuluakulu a mpingo achite chimodzimodzi. Alangizi a zaumoyo ndi makomiti a zaumoyo a m'midzi, powerenga zimbudzi, asalembe kuti chilipo basi, koma alembenso ngati chikupuma. Mabungwe omanga zimbudzi asachoke pamalo asanaphunzitse anthu kasamalidwe ka paipi ndi kuwauza kumene sefa yolimba imapezeka. Ndipo mafumu athu, amene anatithandiza kuti khomo lililonse likumbe chimbudzi, atithandizenso pa gawo latsalali.

Inu amene mukuwerenga tsamba lino podikira kuonana ndi a chipatala, musanabwerere kunyumba tayang'anani chimbudzi cha pachipatala pomwepo. Ngati chikununkha kapena sefa yake yang'ambika, auzeni a komiti ya chipatala mwaulemu, pakuti chimbudzicho n'chanunso. Mukafika kwanu, mvula isanayambe, bwerekani makwerero. Chidebe chimodzi cha madzi pamwezi chingasunge chimbudzi chanu chili chosanunkha kwa zaka zambiri, ndipo ana anu sadzakhala ndi chifukwa chopitira kubango.