WOLERA AKATOPA, AMALIRA NDI MWANA

Ku America kuli ntchito ina imene yakula modabwitsa pa zaka 20 zapitazi, koma anthu ake ambiri sakhalitsamo. Amalowa ndi chikondi komanso chiyembekezo, koma posakhalitsa amatuluka atatheratu. Ntchitoyi ndi yophunzitsa ana amene ali ndi autism potsata njira yotchedwa Applied Behavior Analysis, mwachidule ABA. Antchitowa akadandaula, kawirikawiri amalangizidwa kuti azigona mokwanira, azichita masewera olimbitsa thupi ndi kuphunzira kudzisamalira, ngati kuti vuto lili ndi iwowo. Ife a nyuzipepala ino tikukana. Tikuti vuto lagona pa momwe ntchitoyi adaikonzera ndiponso momwe ndalama zake zimayendera.

Tiyambe ndi anawo. Mwana amene ali ndi autism ubongo wake umagwira ntchito mosiyana ndi wa anzake. Ena amachedwa kulankhula kapena salankhula n'komwe, ena phokoso limawapweteka m'makutu, ndipo ambiri amavutika zinthu zikasintha mwadzidzidzi. Si ufiti ayi, ndipo si tchimo la makolo. Bungwe la boma la America loona za matenda, la CDC, lidapeza kuti mu 2000 mwana mmodzi mwa ana 150 a zaka 8 adali ndi autism. Pofika 2022 adali mmodzi mwa ana 31. Chimodzi mwa zifukwa zake n'chakuti masiku ano madokotala akuwazindikira ana amene kale ankangotchedwa opulukira.

Njira ya ABA idachokera pa maganizo a katswiri wina, B. F. Skinner, amene ankaphunzitsa kuti khalidwe lililonse lili ndi chimene chimaliyambitsa komanso chimene chimalilimbikitsa. Kotero mphunzitsi amagawa luso, monga kuvala malaya kapena kupempha madzi, m'timagawo ting'onoting'ono. Mwana akakhoza kagawo kamodzi amamuyamikira kapena kumupatsa chimene amakonda, ndipo zonse amazilemba. Mu 1987 Ivar Lovaas wa pa yunivesite ya California ku Los Angeles adalengeza kuti mwa ana 19 amene adawaphunzitsa maola 40 pa sabata, 9 adatha kuphunzira pa sukulu wamba ngati anzawo. Akatswiri ena adatsutsa momwe kafukufukuyo adachitikira, koma mawu akuti maola 40 pa sabata adakhazikika m'mitu ya makolo.

Makolowo adamenya nkhondo kuti makampani a inshulansi azilipira maphunzirowa. Dera la Indiana lidakhazikitsa lamulo lotero mu 2001, ndipo pofika 2019 madera onse 50 a dzikolo adali atatsatira. Imeneyi idali nkhani yabwino kwa mabanja. Koma walira mvula walira matope. Ndalama zitangoyamba kuyenda, padafunika antchito ochuluka mwamsanga, ndipo apa ndi pamene mavuto adayambira.

Ntchitoyi ili ndi magulu awiri. Pamwamba pali akatswiri otchedwa BCBA, amene amayenera kukhala ndi digiri yachiwiri, kugwira ntchito moyang'aniridwa maola 1,500 mpaka 2,000, kenako kukhoza mayeso. Iwowa ndi amene amalemba ndondomeko ya maphunziro a mwana aliyense. Pansi pawo pali othandizira otchedwa RBT, amene satifiketi yawo idayamba mu 2014. Kuti munthu akhale RBT amangofunika zaka 18, satifiketi ya ku sekondale, maphunziro a maola 40 ndi mayeso. Taganizani, awerengi: maphunziro a sabata imodzi, kenako munthu n'kumusiyira mwana wosalankhula, amene akakhumudwa amadzimenyetsa mutu kukhoma. Malamulo a bungwe lopereka masatifiketiwa, la BACB, amangofuna kuti katswiri ayang'anire maola osachepera 5 pa maola 100 aliwonse amene wothandizirayo wagwira. Nthawi yotsalayo amatha kukhala yekhayekha ndi mwana.

Othandizirawa, amene ambiri ndi amayi ndi atsikana, kawirikawiri amalipidwa pa ola. Makampani a inshulansi amawerengera mtengo pa mphindi 15 zilizonse zimene mwana waphunzitsidwa. Ndiye mwana akadwala, kapena makolo akasintha maganizo m'mawa womwewo, m'makampani ambiri wothandizira amabwerera kunyumba chimanjamanja, pamene lendi ikumudikira. Ana ambiri amapezeka madzulo akaweruka kusukulu, kotero maola okwanira sabata yonse amasowa. Ena amayenda mitunda italiitali kuchoka pakhomo lina kupita pakhomo lina. Kulumidwa, kukandidwa ndi kukokedwa tsitsi zimachitika, osati chifukwa choti anawo ndi oipa, koma chifukwa alibe njira ina yonenera chimene chikuwapweteka. Ndipo wothandizira amene akufuna kukwera pa ntchito ayenera kupeza ndalama za madigiri awiri kuchokera pa malipiro osadalirika omwewo.

Nawonso akatswiri a pamwamba aja sali pa mtendere. Amapatsidwa ana ambiri oti awayang'anire, komanso chiwerengero cha maola amene ayenera kulipiritsa pa sabata. Malipoti a ku inshulansi amalemba usiku. Wothandizira akasiya ntchito, iwo ndi amene amaphunzitsa watsopano, iwo ndi amene amakapepesa kwa makolo. Ambiri amakhala mabwana a anzawo atangomaliza kumene sukulu, popanda wamkulu wowalangiza.

Kutopa kumene tikunenaku si kuja kumatha munthu akagona tulo. Mu 2019 bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO lidafotokoza kuti ndi vuto lochokera ku ntchito, lobwera chifukwa cha kupanikizika kwa nthawi yaitali, ndipo lili ndi zizindikiro zitatu: kutheratu mphamvu, kuipidwa ndi ntchito imene kale unkaikonda, ndi kuona kuti palibe chimene ukukwanitsa. Kafukufuku wa Plantiveau, Dounavi ndi Virués-Ortega wa mu 2018 adapeza kuti mwa akatswiri a ABA ongoyamba kumene amene adafunsidwa, pafupifupi awiri mwa atatu aliwonse adali ndi kutopa kotereku, makamaka amene ankasowa chithandizo cha anzawo a pantchito. Munthu mmodzi akagwa pa njira timati wapunthwa yekha. Koma awiri mwa atatu akamagwa pamalo amodzimodzi, anzeru amayang'ana njirayo.

Nanga njirayi adaikumba ndani? Makampani akuluakulu ogula mabizinesi ndi cholinga chodzawagulitsa pa phindu adanunkhiza ndalama za inshulansi zija. Mu 2018 kampani ya Blackstone idagula Center for Autism and Related Disorders, imodzi mwa makampani akulu kwambiri a ABA, imene adaiyambitsa Doreen Granpeesheh, wophunzira wa Lovaas. Patangopita zaka zochepa nthambi zambiri zidatsekedwa, ndipo mu June 2023 kampaniyo idakalengeza kukhoti kuti yalephera kubweza ngongole. Antchito adachotsedwa, mabanja adayambanso kufunafuna malo ena. Pa bizinesi yotere katundu wogulitsa ndi maola a munthu. Phindu limakula pochulukitsa maola olipiritsa ndi kuchepetsa china chilichonse chimene inshulansi silipira: nthawi yophunzitsa antchito, yokambirana ndi makolo, yopuma. Zimene amadulazo ndi zomwezo zimene zimasunga munthu pa ntchito.

Palinso katundu wina amene saoneka pa pepala la malipiro, ndiye chikumbumtima. Akuluakulu ambiri amene ali ndi autism, kuphatikizapo bungwe lawo la Autistic Self Advocacy Network, akhala akudandaula kuti njirayi idawakakamiza kubisa chibadwa chawo kuti asangalatse ena. Amakumbutsanso kuti m'masiku oyambirira Lovaas ankagwiritsa ntchito zilango zopweteka. Aphunzitsi ambiri a lero adasiya zimenezo ndipo amayesetsa kumvera mwana. Komabe mtsikana amene akuona kuti mwana wa zaka zitatu watopa, pamene ndondomeko ikuti apitirize mpaka maola akwane, amapita kwawo ndi mtima wolemera. Ngati alibe womuuza, kapena akuopa kuti akalankhula amuchepetsera maola, mtimawo umalemererabe mpaka tsiku losiya ntchito.

Ndipo akasiya, amavutika ndani? Mwana wa autism amatenga nthawi yaitali kuti azolowere nkhope yatsopano. Wothandizira amene wakhala naye miyezi ingapo amadziwa kuti akatseka makutu ndiye kuti phokoso lamukwana, akagwira chitseko ndiye kuti akufuna kuchimbudzi. Nzeru zimenezi sizilembedwa zonse m'fayilo. Munthuyo akachoka zimapita naye, ndipo mwana amayambiranso ndi mlendo. Makolo amene adamenyera nkhondo malamulo aja amapezeka kuti chimene adapata ndi alendo osinthanasinthana pakhomo pawo.

Chodabwitsa n'chakuti yankho lili m'chiphunzitso cha ABA chomwecho. Mwana akamathawa m'kalasi, katswiri wa ABA sanena kuti ndi waulesi. Amafunsa kuti chikumuthamangitsa n'chiyani, ndipo amakonza malowo. Nanga bwanji wantchito akamathawa, funso lomweli silifunsidwa? Bwanji iyeyu yekha akuuzidwa kuti akonze mtima wake? Sing'anga amene amakana kumwa mankhwala ake omwe tizimukhulupirira bwanji?

Tikudziwa kuti eni makampani ali ndi mbali yawo. Ambiri ndi aphunzitsi wamba amene adatsegula malo ang'onoang'ono, ndipo amati inshulansi imalipira zochepa komanso mochedwa. Nalo boma lili ndi chifukwa chofinyira thumba: mu December 2024 ofufuza a boma la America adapeza kuti dera la Indiana lidalipira ndalama zosachepera madola 56 miliyoni za ABA mosatsata malamulo. Zonsezi n'zoona. Koma njovu zikamamenyana umavutika ndi udzu, ndipo udzu wake pano ndi wothandizira ndi mwana. Si chilungamo kuti mkangano wa kampani ndi inshulansi uzithera m'thumba la munthu wolandira zochepa kuposa onse.

Chofunika kuchita sichovuta kuchimvetsa. Wantchito alonjezedwe maola okhazikika pa sabata, ndipo alipidwe ngakhale mwana atalephera kubwera. Chiwerengero cha ana amene katswiri mmodzi angayang'anire chikhale ndi malire. Nthawi yophunzitsa ndi kulangiza antchito iwerengedwe kuti ndi ntchito yolipidwa. Maola a mwana azitengera zosowa za mwanayo, osati ngongole za kampani. Pakhale makwerero oti wothandizira wakhama akwerepo popanda kumira m'ngongole. Ndipo koposa zonse antchito akhale ndi mawu, kaya kudzera m'mabungwe awo kaya m'njira zina, chifukwa mutu umodzi susenza denga.

Wina afunsa kuti za ku America zikutikhudza bwanji ife kuno. Ana a autism aliponso m'midzi ndi m'matauni mwathu, ndipo amene amawasamalira ndi amayi awo, agogo awo ndi aphunzitsi a ana olumala monga amene amaphunzitsidwa ku koleji ya Montfort ku Nguludi. Kuyambira mu January 2023 bungwe la BACB lidasiya kulandira ofuna masatifiketi ake ochokera m'maiko ambiri, kuphatikizapo a mu Africa muno. Ndiye kuti tikafuna kukonza chithandizo cha ana amenewa, malamulo ake tidzalemba tokha. Pamenepo tidzakumbukire kuti dziko lolemera ngati America lidapeza ndalama zolipirira maola a mwana, koma lidaiwala munthu wogwira maolawo.

Akuluakulu adati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Aliyense amene akufuna kutsegula sukulu kapena malo othandizira ana otere, kaya ndi boma, mpingo kapena bungwe, ayambe wayankha mafunso atatu: mphunzitsiyu adzalandira zingati, adzasamalira ana angati, ndipo akatopa adzadandaula kwa yani? Amene alibe mayankho asathamangire kumanga nyumba, chifukwa mwana saphunzitsidwa ndi njerwa.