ZA M'BANJA: KAGARU KA PA KHOMO

Mwezi uno tiyeni tikambe za mlendo wamng'ono amene ana athu amuyembekeza ndi mtima wonse, ndiye mwana wa garu. Ena adzati: kodi nkhani ya garu iyenera kulowa m'kalata ya akristu? Inde, iyenera ndithu, pakuti Mulungu adaika zolengedwa zache m'manja mwathu kuti tizisamale, ndipo garu woleredwa moipa asanduka tsoka la mudzi wonse.

Garu wamkazi akhala ndi bere masiku ngati 63. Ana ache abadwa osapenya ndi osamva, natsegula maso patapita masiku 10 kufikira 14. Tsono ana athu afunsa: "Kadzakhala kofiira kodi, kapena kamawanga?" Tiwayankhe kuti ubweya wofewa wa ukhanda uthothoka pa miyezi 4 kufikira 6, ndipo maonekedwe ache nthawi zina asinthika. Ngakhale ana a bere limodzi asiyana, popeza akhoza kukhala ndi atate osiyana. Chifukwa chache tisasankhe ndi maso okha. Tiyambe tapenya make: ngati ali waukali kapena wamantha, tichenjere. Kagaru kobwera kokha kudzatinunkhiza m'manja kaposa kobisala kuseri kwa nkhokwe.

Tisakachotse kwa make kasanakwane masabata 8, pakuti posewera ndi abale ache ndipo kaphunzira kuti kuluma kupweteka. Makolo adati: m'mera mpoyamba. Kuyambira masabata 3 kufikira 12 mtima wa kagaru uli wofewa ngati dongo la woumba mbiya. Zimene kazolowera masiku amenewo kadzakhala nazo moyo wache wonse. Kazolowere ana ndi agogo, nkhuku ndi mbuzi, njinga ndi kulira kwa belu, koma pang'onopang'ono, kosaopsezedwa. Ana asakakoke mchira, kapena kukasautsa pakudya.

Alipo ena amene amanga kagaru pa chingwe usana wonse, nakamenya, nakadyetsa tsabola, ati kuti kakule kolusa. Abale, kumeneko nkulakwa. Garu wotere sazindikira mbala ndi mlendo. Aluma mwana wa mnansi wopita ku katekisimu, ndipo mlandu ugwera mwini. Garu wokhuta ndi wokondedwa auwa yekha usiku, osaphunzitsidwa ndi ndodo.

Chachikulu koposa ndi ichi: kagaru kakakwana miyezi 3, tipite nako kwa alangizi a ziweto kakalandire katemera wa chiwewe, ndipo tibwereze monga atiuza. Nthenda imeneyi ifika kwa anthu makamaka polumidwa ndi garu, ndipo ikaonekera m'thupi, munthu sachira. Louis Pasteur adapulumutsa mnyamata wolumidwa ndi katemera wache m'chaka cha 1885, ndipo mphatso imeneyo tisainyoze. Wina akalumidwa kapena kukandidwa, titsuke bala ndi madzi ndi sopo mphindi 15, ndi kuthamangira naye ku chipatala tsiku lomwelo, ngakhale bala lichepe.

Mbiri ya Roko woyera, amene timkumbukira pa 16 Ogasiti, itiuza kuti pamene anagona yekha m'thengo ndi nthenda ya mliri, garu anali kumtengera mkate tsiku ndi tsiku. Tilere agaru athu kuti akhale otere, ndipo ana athu aphunzire pa kagaru chifundo chimene adzachitira anthu anzao.

Mulungu adalitse mabanja anu onse.