Kuthamanga Sikufika: Magalimoto Awiri Osowa

Alipo magalimoto ena amene amapangidwa owerengeka chabe, kotero kuti ngakhale anthu achuma amachita kulimbirana kuti awapeze. Lero tiyeni tiyerekeze awiri mwa iwo, McLaren F1 ya ku Britain ndi Bugatti Veyron ya ku France, kuti tione chimene chimasunga mtengo wa chinthu zaka zikamapita.

McLaren F1 idapangidwa kuyambira mu 1992 mpaka mu 1998, ndipo onse pamodzi adalipo 106 okha, mwa iwo 64 oyenda pamsewu. Mmisiri wake, Gordon Murray, amene adabadwira ku Durban, adafunitsitsa galimoto yopepuka, motero kulemera kwake sikudapitirire makilogalamu 1,140. Mu 1995 mtundu wake wampikisano udapambana ku Le Mans, ndipo mu 1998 idathamanga makilomita 386 pa ola.

Veyron idatuluka mu 2005 ili ndi injini ya masilinda 16 ndi mphamvu za akavalo 1,001, pamene McLaren inali nazo 627 zokha. Ngakhale inali yolemera pafupifupi makilogalamu 1,900, idafika makilomita 407 pa ola. Pomadzaleka kuipanga mu 2015 n'kuti atatulutsa 450.

Pa liwiro, tsono, Veyron ndiyo idapambana. Koma pamsika zinthu zidatembenuka. Mu 2021 McLaren F1 ina idagulidwa ku Pebble Beach, m'chigawo cha California, pa madola oposa mamiliyoni 20, chikhalirecho Veyron wamba safika ngakhale pa gawo limodzi mwa magawo anayi a mtengo umenewo.

Chifukwa chake n'chosavuta kuchiona. Liwiro ndi ulemu wobwereka, pakuti mawa kumabwera wina wokuposa. Mu 2019 Chiron ya kampani yomweyo ya Bugatti idapyola makilomita 490 pa ola. Koma kuchepa kwa magalimotowo ndi chipambano cha ku Le Mans palibe amene angazifafanize. Akuluakulu adati kuthamanga sikufika.

Komabe ine ndikuona chinthu chimodzi chodandaulitsa. McLaren yodula ija idapangidwa mu 1995, koma pogulitsidwa inali isanayende ngakhale makilomita 400. Mtengo wake udakwera chifukwa chakuti idakhala yotsekeredwa ngati chimanga cha m'nkhokwe chimene mwini wake akuopa kudya. Ena adzati kutero ndiko kusunga mbiri, ndipo akunena zoona pang'ono, popeza galimoto yotere ikaphwanyika sabwezeretsa ina. Koma Murray adaika mpando wa woyendetsa pakati penipeni kuti munthu amve kukoma kwa kuyendetsa, osati kuti fumbi lizipukutidwa pamenepo.

Inu aphunzitsi, ndi inu amene mwangotsiriza sukulu, funso ili nlanu: kodi ntchito ya mmisiri imalemekezedwa poibisa kapena poigwiritsa ntchito? Kwa ine, wogula amene sayendetsa wasunga chuma, koma galimotoyo waitaya.